Mmene amisiri a mafilimu adzudzulira tsankho la pa wailesi ya kanema

Mu December 2023, nyumba yaikulu yosungiramo mabuku ya boma la America, yochedwa Library of Congress, inaika filimu ya Bamboozled pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa monga cuma ca dzikolo. Filimuyi inapangidwa ndi a Spike Lee m'caka ca 2000. Pamene inatuluka, anthu ocepa cabe ndiwo anapita kukaionerera, ndipo ndalama zimene inabweretsa sizinafike ngakhale theka la zimene zinagwiritsidwa nchito poipanga. Nkhani yake ndi ya kampani ya wailesi ya kanema imene ilemera mwa kunyoza anthu akuda.

Ulemu umene filimuyi inalandira patapita zaka 23 utipatsa mpata wofunsa funso lokhudza banja lililonse lokhala ndi kanema m'nyumba: kodi zimene timaonerera madzulo alionse zimasintha motani mmene timaonera anthu a mtundu wina, nanga amisiri a zaluso angacitepo ciani?

Pang'ono pang'ono ndi mtolo

Wailesi ya kanema siuza munthu poyera kuti azonde mnzake. Mphamvu yake ili m'kubwereza. Ngati m'masewero ambiri munthu wa mtundu wakutiwakuti aonekera nthawi zonse monga wanchito wa m'nyumba, kawalala kapena citsiru coseketsa anthu, woonerera amazolowera cithunzico kufikira aciyesa coonadi, maka-maka ngati sakhala pafupi ndi anthu a mtunduwo kuti adzionere yekha.

Katswiri wa za kufalitsa nkhani, a George Gerbner a pa yunivesite ya Pennsylvania, anayamba kufufuza nkhaniyi kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Iwo pamodzi ndi anzao anawerenga kuculuka kwa ciwawa m'mapulogalamu a pa kanema, kenaka anafunsa anthu mmene aonera dziko. Anapeza kuti awo amene amathera maola ambiri pa kanema tsiku ndi tsiku anali kuganiza kuti dziko ndi loopsa kuposa mmene liliri, ndiponso anali kukaikira anzao kwambiri poyerekeza ndi oonerera pang'ono. Pamene munthu ali ndi mantha otere, sikumvuta kuloza cala mlendo kapena munthu wa khungu lina.

Zithunzi zonyoza anthu akuda zinayamba kale kanema asanabwere. M'zaka za m'ma 1800 ku America kunali masewero ochedwa minstrel, m'mene azungu anali kudzipaka zakuda zonga mwaye kumaso, kukuza milomo ndi utoto, ndi kuvina monyoza akapolo. Kanema atabwera analandira cizolowezici. Sewero la Amos 'n' Andy, limene linayambitsidwa pa wailesi ya mau mu 1928 ndi azungu awiri, linaulutsidwa pa kanema wa CBS kucokera mu 1951 kufika mu 1953. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP linalitsutsa kuti lionetsa anthu akuda monga aulesi ndi onyenga, koma linapitiriza kugulitsidwa ku nyumba zina zoulutsira kufikira mu 1966. Ku Britain, BBC inaulutsa The Black and White Minstrel Show kwa zaka 20, kucokera mu 1958 kufika mu 1978, ngakhale kuti mu 1967 anthu anasaina kalata yopempha kuti iletsedwe.

Kusonkhanitsa umboni

Njira imodzi imene amisiri agwiritsira nchito ndiyo kusonkhanitsa zidutswa za mapulogalamu akale ndi kuziika pamodzi. Cithunzi cimodzi conyoza cikaoneka cokha, munthu anganene kuti ndi nthabwala cabe. Zikaonetsedwa zambiri motsatizana, cizolowezi cimaonekera poyera.

Izi ndizo anacita a Marlon Riggs m'filimu yao ya Color Adjustment, imene inaulutsidwa pa kanema wa PBS mu 1992 ndipo inalandira mphoto ya Peabody. Iwo anasanthula zaka zoposa 40 za mapulogalamu a madzulo ku America. Anali kuonetsa kadutswa ka sewero la banja losangalala, kenaka nkhani za m'nthawi yomweyo zoonetsa apolisi akumenya anthu akuda ofuna ufulu wao. Woonerera anali kudzionera yekha kutalikirana kwa dziko la pa kanema ndi dziko la pa msewu.

A Riggs anaonetsanso kuti cithunzi cabwino naco cingasokeretse. Sewero la Julia, m'mene Mai Diahann Carroll anasewera monga nesi wolemekezeka, linayamba mu 1968, caka cimene a Martin Luther King Jr. anaphedwa ndipo m'mizinda yambiri munabuka zipolowe. Koma m'seweroli mabvuto a tsankho anali kuoneka ocepa ndi osabvuta kuthetsa. Funso limodzimodzi linafunsidwa pa The Cosby Show ya mu 1984 kufika mu 1992: kodi banja lolemera la dokotala ndi loya silinapangitse oonerera ena kuganiza kuti tsankho linatha, ndi kuti wosauka ndi wosauka cifukwa ca ulesi wake?

Filimuyi inakumbutsanso kuti amene alipira ndiye alamula. Woimba wochuka a Nat King Cole anapatsidwa pulogalamu yao pa NBC mu 1956, koma inatha mu 1957 cifukwa makampani akuluakulu anakana kutsatsa malonda ao pa pulogalamu ya munthu wakuda, poopa kukwiyitsa ogula aciyera a kumwera kwa dzikolo. Mfundo imeneyi inakambidwanso mu 1973 ndi amisiri awiri, a Richard Serra ndi Mai Carlota Fay Schoolman, m'kafilimu ka mphindi zocepa kochedwa Television Delivers People. Munalibe zithunzi, koma mau oyenda pa galasi la kanema ofotokoza kuti katundu weni-weni wogulitsidwa ndi woonerera, ndipo wogula ndi wotsatsa malonda.

Kukulitsa cinthu kufikira cicititse manyazi

A Spike Lee anasankha njira ina, ya kukulitsa coipa mwadala kuti cinyanse. Mu Bamboozled muli wolemba masewero wakuda, Pierre Delacroix, amene watopa ndi bwana wake waciyera wokana nkhani zonse zoonetsa anthu akuda mwaulemu. Pofuna kuti acotsedwe nchito, iye alemba sewero loipitsitsa, lobweza minstrel wakale, m'mene anyamata awiri akuda osauka adzipaka zakuda kumaso ndi kuvina m'munda wa mavwende. Ayembekeza kuti dziko lonse likwiya. M'malo mwake seweroli lichuka, ndalama zilowa, ndipo oonerera a mitundu yonse ayamba kubwera atadzipaka zakuda naonso.

Luso la filimuyi lili pa mmene icitira ndi munthu woionerera. Mavinidwe ake ndi okoma ndipo nthabwala zina ndi zoseketsadi, kotero munthu amapezeka akuseka, kenaka nacita manyazi ndi kuseka kwake. A Lee anajambula mbali yaikulu ya filimu ndi makamera ang'ono ochipa, koma zigawo za sewero lonyozalo anazijambula ndi filimu yowala bwino, kusonyeza mmene kanema amabvekera cinthu conyansa cobvala cokongola. Pomaliza aonetsa kwa mphindi zingapo zidutswa zeni-zeni za mafilimu, zidole za pa kanema ndi mapulogalamu akale onyoza anthu akuda, kuti woonerera adziwe kuti zimene waona zinacitikadi.

Mpeni wakuthwa konse-konse

Njira ya nthabwala ili ndi ngozi yake. Ku Britain, wolemba masewero a Johnny Speight anapanga munthu wochedwa Alf Garnett m'sewero la Till Death Us Do Part, limene linaulutsidwa pa BBC pakati pa 1965 ndi 1975. Alf anali nkhalamba yatsankho yolalatira alendo, ndipo colinga cinali cakuti anthu amuseke ndi kuona ucitsiru wa maganizo ake. A Norman Lear anatenga nzeru yomweyo kupita nayo ku America, kumene sewero la All in the Family, lokhala ndi munthu wochedwa Archie Bunker, linayamba pa CBS mu 1971.

Mu 1974 akatswiri awiri, a Neil Vidmar ndi a Milton Rokeach, anafalitsa zotsatira za kufufuza kwao pakati pa acinyamata a ku America ndi akuluakulu a ku Canada oonerera seweroli. Anapeza kuti oonerera amene anali kale ndi tsankho lalikulu anali kumusirira Archie ndi kumuona monga wokamba zanzeru. Sewero limodzi linali kupereka maphunziro awiri osiyana kulingana ndi zimene munthu anabwera nazo mumtima.

Katswiri wa nthabwala a Dave Chappelle anakumana ndi bvuto lofanana. Mu 2005 anasiya mwadzidzidzi pulogalamu yao yochuka pa Comedy Central ndi kupita ku South Africa. Pambuyo pake anafotokoza kuti pojambula sewero lina lonyoza zithunzi za tsankho, anamva mzungu wina akuseka mwa njira imene inawapangitsa kukaikira ngati anthu aseka tsankholo kapena aseka anthu akuda.

Afrika pa galasi la kanema

Nkhaniyi ikhudzanso Afrika. Mu October 1984, BBC inaulutsa lipoti la mtolankhani a Michael Buerk la njala ya ku Korem m'dziko la Ethiopia. Zithunzizo zinagwedeza dziko lonse ndipo zinatsogolera ku cionetsero ca nyimbo ca Live Aid pa 13 July 1985, cimene cinasonkhanitsa ndalama zambiri zothandizira anjala. Koma m'zaka zotsatira, mabungwe opempha thandizo anabwereza-bwereza cithunzi ca mwana wowonda wozingidwa ndi nchenche, kufikira anthu ambiri a ku Ulaya anayamba kuona Afrika yense, ndi maiko ake oposa 50, monga mudzi umodzi wa njala.

Mu November 2012, bungwe la ophunzira ndi aphunzitsi a m'mayunivesite a ku Norway lochedwa SAIH linatulutsa kafilimu kochedwa Africa for Norway, kojambulidwa ku South Africa. Mmenemo acinyamata a mu Afrika aimba momvetsa cisoni monga m'nyimbo zopempha thandizo, kupempha anzao kuti asonkhe zipangizo zotenthetsera m'nyumba zotumiza kwa anthu a ku Norway amene akubvutika ndi cisanu. Norway ndi limodzi la maiko olemera kwambiri, ndipo apo ndi pamene pagona phunziro: dziko lililonse lingaoneke lomvetsa cisoni ngati kamera isankha kuonetsa mbali imodzi yokha. Kucokera mu 2013 bungweli linayamba kupereka mphoto yamanyazi kwa mafilimu opempha thandizo onyoza kwambiri, ndi mphoto ina kwa oonetsa anthu mwaulemu.

Citsanzo ca kwathu kuno ndi filimu ya I Am Not a Witch ya mu 2017, yopangidwa ndi Mai Rungano Nyoni, amene anabadwira mu Lusaka ndi kukulira ku Wales. Filimuyi inajambulidwa mu Zambia, inaonetsedwa pa cikondwerero ca mafilimu ca ku Cannes, ndipo mu 2018 inalandira mphoto ya BAFTA. Isimba za kamtsikana kochedwa Shula kamene kanamiziridwa ufiti ndi kutumizidwa ku msasa wa azimai onenedwa kuti ndi mfiti, kumene aliyense amangidwa ndi nsalu yaitali yoyera kuti asauluke. Alendo odzaona malo amabwera kudzawajambula zithunzi.

M'cigawo cina, wanchito wa boma wochedwa Bambo Banda atenga Shula kupita naye ku pulogalamu ya zokambirana pa wailesi ya kanema, kumene amuonetsa monga codabwitsa ndi kutsatsa mazira ogulitsidwa m'dzina lake. Munthu wina afunsa ngati ameneyu si mwana cabe. Kamera ikhala pa nkhope ya Shula, amene akhala cete. M'cigawo cimeneci Mai Nyoni aonetsa mmene pulogalamu ingasandutsire bodza la m'mudzi umodzi kukhala nkhani ya dziko lonse, ndi mmene ena amapezera ndalama pa tsoka la mwana.

Mafunso otsala kwa woonerera

Amisiri onsewa sanathetse tsankho, ndipo filimu imodzi singafafanize zimene zabwerezedwa kwa zaka makumi ambiri. Cimene acita ndi kupatsa woonerera maso ena. Munthu amene waona Color Adjustment kapena filimu ya Mai Nyoni amayamba kufunsa kuti: kodi pa pulogalamuyi akamba ndani, nanga ndani angoonetsedwa cabe osapatsidwa mpata wokamba? Kodi tiseka ndani? Ndani alipira, ndipo apindula ciani?

Mafunso amenewa ndi ofunika kwa makolo, aphunzitsi ndi olemba masewero, pakuti lero zithunzi zimafika kwa ana kudzera pa kanema wa m'nyumba ndi pa foni ya m'manja. Nthabwala zonyoza mtundu wa anthu, munthu wolemala, munthu wa khungu la cialubino kapena nkhalamba yonamiziridwa ufiti zimayenda pa njira yomweyo imene Amos 'n' Andy inayendamo, ndipo mwana amene aziona tsiku ndi tsiku amakula akuziyesa zoona ngati palibe womufunsa kuti waseka ciani.