LAPUTOPU IKAFUNSA LAYISENSI: ZIMENE ANTHU A KWA NCHEMA AYENERA KUDZIWA

Masiku ano makina a kompyuta otchedwa laputopu afika ndi kumidzi komwe. M'dera la Mfumu Nchema, m'boma la Chiradzulu, aphunzitsi, alembi a magulu a alimi ndi a mipingo, ndiponso anyamata amene atsegula timasitolo tosindikiza makalata, ayamba kukhala nao makinawa. Ambiri a iwo sagula atsopano ai. Agula ogwira kale nchito ku Limbe kapena ku Blantyre, ndipo ena atumiziridwa ndi abale ao amene ali ku Joni.

Pakapita masabata kapena miyezi, pangodya ya kumunsi kwa galasi, kudzanja lamanja, paoneka mau a Chingerezi akuti "Activate Windows". Ena akaona mauwa aganiza kuti makina aonongeka, napereka ndalama kwa munthu woyamba amene anena kuti adziwa kukonza. Ena alola kuti zonse za m'katimo zifafanizidwe, nataya mayeso a ana, maina a mamembala ndi kaundula wa ndalama za gulu. Kutaya kotereku kungapewedwe ngati mwini makina adziwa tanthauzo la mauwo.

MAKINA SANAONONGEKE

Windows ndiyo pulogalamu yaikulu imene iyendetsa laputopu yonse, ndipo mwini wache ndi kampani ya Microsoft ya ku Amereka. Munthu akagula laputopu wagula chitsulo, koma chilolezo chogwiritsa nchito Windows ndi chinthu china, ndicho layisensi. Ziri monga galimoto imene injini yache iri bwino koma mapepala ache sanalongosoke. Makina afunsa kwa Microsoft kudzera pa intaneti ngati layisensi yao iri yoona, ndipo yankho likapanda kubwera, kapena likabwera lokana, mau aja aonekera.

Windows 10 ndi Windows 11 zipitirira kugwira nchito ngakhale mauwo alipo. Makalata ndi zithunzi sizifafanizidwa. Chimene chitsekedwa ndicho kusintha maonekedwe, monga chithunzi cha kumbuyo ndi mitundu ya pagalasi. Chotero palibe chifukwa chothamangira kulipira tsiku lomwelo.

MITUNDU ITATU YA LAYISENSI

Layisensi ikhala ndi kiyi yache, ndiyo zilembo ndi manambala 25 zolembedwa m'magulu asanu a zisanu-zisanu.

Mtundu woyamba ndi wa wopanga makina, monga HP, Dell kapena Lenovo. Pa makina a nthawi ya Windows 7 kiyi inkalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa laputopu kapena pamalo pokhala batire. Kuyambira pa Windows 8, imene inatuluka m'chaka cha 2012, kiyi ilembedwa m'kati mwa bolodi lalikulu la makina, ndipo sioneka ndi maso. Layisensi yotere ikhala ya makina omwewo kufikira kufa kwao, ndipo siisamukira ku makina ena.

Mtundu wachiwiri ndi wogula munthu payekha. Uwu ungasamutsidwe, koma ugwira pa makina amodzi okha nthawi imodzi.

Mtundu wachitatu ndi wa makampani, masukulu ndi maofesi akulu. Kawiri-kawiri layisensi imeneyi ikhala masiku 180 okha, ndipo makina ayenera kulankhula ndi kompyuta yaikulu ya ofesi yao kuti masikuwo ayambenso. Laputopu yotere ikagulitsidwa nifika kwa Nchema, singapezenso kompyuta ya ofesi ija, ndipo masiku 180 akatha mau aja atulukira. Ichi ndicho chifukwa makina ena aoneka abwino tsiku logula, nayamba kudandaula pakapita miyezi. Nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka.

Kuyambira pa Windows 10, imene inatuluka pa 29 Julayi 2015, Microsoft isunganso chizindikiro cha makina amene anabvomerezedwa kale. Makina otere akaikidwanso Windows ya mtundu womwewo, abvomerezedwa okha akangofika pa intaneti, popanda kulemba kiyi.

KAPENYEDWE KACHE

Mwini makina angathe kudzionera yekha. Pa Windows 10 atsegule Settings, kenaka Update & Security, kenaka Activation. Pa Windows 11 atsegule Settings, System, kenaka Activation. Pamenepo palembedwa mtundu wa Windows, ngati ndi Home kapena Pro, ndiponso nambala ya bvuto imene iyamba ndi 0x. Nambala imeneyi ailembe papepala asanapite kwa wokonza ali yense.

Pofuna kudziwa ngati layisensi iri ndi tsiku lothera, adine batani la chizindikiro cha Windows pamodzi ndi R, nalembe slmgr.vbs /xpr. Yankho likanena kuti "permanently activated", ndiye kuti layisensi njokhazikika. Likatchula tsiku, ndiye kuti njobwereka. Akalemba slmgr.vbs /dli aona limodzi la mau awa: OEM, ndiyo ya wopanga makina, RETAIL, ndiyo yogula payekha, kapena VOLUME, ndiyo ya makampani.

ZOYESA, KUYAMBIRA ZOSALIRA NDALAMA

Choyamba ndi intaneti. Makina ambiri a kumudzi atha miyezi osalumikizidwa. Mwini wache alumikize laputopu ku foni ya Airtel kapena TNM pamalo pamene netiweki igwira bwino, nadine Troubleshoot patsamba la Activation lija. Nchito imeneyi siidya bando yambiri.

Chachiwiri ndi wochi ya makina. Tsiku ndi nthawi zikalakwika, laputopu ikanika kulankhula ndi Microsoft, ndipo kawiri-kawiri isonyeza nambala 0x80072F8F. Nthawi ya Malawi pa Windows ipezeka pa mzere wolembedwa Harare, Pretoria. Ngati tsiku libwerera m'mbuyo nthawi zonse makina akazimitsidwa, ndiye kuti kabatire kakang'ono ka m'kati, kooneka ngati khobidi, katha mphamvu ndipo kafunika kusintha.

Chachitatu ndi kusiyana kwa mtundu wa Windows. Okonza ena aika Windows Pro pa makina onse, pamene kiyi ya m'bolodi ndi ya Home. Kiyi ya Home singatsegule Pro. Mankhwala ache ndiwo kuikanso mtundu woyenera, ndipo kiyi ya m'kati igwira yokha popanda kulipira layisensi yina. Makina ochokera m'maofesi nawo kawiri-kawiri akhala ndi kiyi yao-yao ya Pro m'bolodi pansi pa layisensi yobwereka ija, ndipo wokonza wodziwa nchito angathe kuiwerenga ndi kuibwezera. Koma asanalole kuti Windows iikidwenso, mwini makina ayenera kukopera makalata ache onse pa fulashi, natsegule pa makina ena kuti aone ngati akoperekadi.

Chachinai ndi kusintha bolodi lalikulu. Bolodi likapsa ndi magetsi kapena madzi naikapo lina, Microsoft iwayesa makina atsopano, ndipo ingasonyeze nambala 0xC004F213. Ngati layisensi inamangidwa kale ku akaunti ya Microsoft ya mwini wache, adine Troubleshoot nasankhe mau onena kuti wasintha zitsulo za makina posachedwa. Njira imeneyi ithandiza maka-maka amene anagula layisensi paokha.

Manambala ena awiri ayenera kudziwika. Nambala 0xC004F074 itanthauza kuti makina akufuna-funa kompyuta ya ofesi koma osaipeza. Nambala 0xC004C003 kawiri-kawiri itanthauza kuti kiyi yakanidwa kapena yatsekedwa, monga zichitikira ndi makiyi otsika mtengo amene agulitsidwa kwa anthu ambiri-mbiri nthawi imodzi. Ndiponso makiyi a Windows 7 ndi Windows 8, amene kale ankatsegula Windows 10 mwaulere, analeka kulandiridwa chakumapeto kwa chaka cha 2023. Munthu asagule kiyi ya pakapepala kakale poyembekeza kuti igwira.

CHENJEZO PA NJIRA ZACHIDULE

Alipo ena amene achotsa mau aja m'mphindi zisanu ndi pulogalamu yothyola. Pulogalamu yotere ipusitsa makina kuti ayese kuti ali mu ofesi, ndipo siipereka layisensi yoona. Poiika, kawiri-kawiri ayamba azimitsa chitetezo cha makina, ndipo mapulogalamu otere ambiri abwera ndi mavairasi amene aba mau achinsinsi a banki ndi a imelo, kapena atseka makalata onse. Kwa mlembi amene asunga ndalama za gulu kapena mphunzitsi amene asunga mayeso, ngozi imeneyi iposa manyazi a mau awiri a pangodya. Ndiponso lamulo la dziko lino la Copyright Act la chaka cha 2016 liteteza mapulogalamu a kompyuta monga momwe litetezera mabuku ndi nyimbo.

MAKINA AKALE

Pali chinthu china choti munthu alingalire asanataye ndalama pogula layisensi. Microsoft inaleka kusamala Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo inaleka chisamaliro cha masiku onse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11, imene inatuluka pa 5 Okutobala 2021, ifuna makina atsopanopo, ndipo malaputopu ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 sakwanira. Kugulira makina otere layisensi yatsopano kuli ngati kufolera ndi malata nyumba imene makoma ache ang'aluka.

Kwa makina otere pali njira yina yosalira layisensi. Pulogalamu ya Ubuntu, imene anayambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa m'chaka cha 2004, iyendetsa laputopu m'malo mwa Windows, ndipo iperekedwa mwaulere ndi chilolezo cha eni ache. Dzina lache lifanana tanthauzo ndi mau a kuno akuti umunthu. Pamodzi ndi LibreOffice, yomwenso njaulere, munthu angathe kulemba makalata, kuwerengera ndalama ndi kupita pa intaneti. Chofunika ndicho kufunsa kaye ngati makina ache osindikizira ndi mapulogamu ena a nchito yache agwirizana nayo.

POGULA LAPUTOPU

Mabvuto ambiri atha ngati wogula apenyetsetsa asanapereke ndalama. Wochokera kwa Nchema kupita ku Limbe kukagula makina ayenera kuchita zinthu izi ali m'sitolo momwemo:

1. Atsegule tsamba la Activation, naone ngati Windows yabvomerezedwa ndiponso ngati ndi Home kapena Pro.

2. Alembe slmgr.vbs /xpr. Ngati patuluka tsiku lothera, afunse wogulitsa kuti tsikulo likadzafika adzatani.

3. Afunse ngati makinawo angalandire Windows 11.

4. Alandire lisiti lolembedwa dzina la sitolo, tsiku, mtengo, nambala ya makina ya kunsi kwache, ndi mau onena kuti layisensi njokhazikika.

Wogulitsa woona sakwiya ndi mafunso otere. Ngati wina wanamizidwa pa malonda ndipo mwini sitolo akana kukonza, bungwe la Competition and Fair Trading Commission lilandira madandaulo a ogula, ndipo lisiti ndilo mboni yache. Aphunzitsi akulu ndi atsogoleri a magulu achita bwino kuuza anthu ao zimenezi asanasonkhe ndalama zogulira makina, pakuti safunsa anadya phula.