OILO WOYENERA INJINI YA GALIMOTO, NDI MUYESO WACE

Munthu wa pa mgodi kapena wa m'tauni akagula galimoto, amakhala atasunga ndalama zaka zambiri. Magalimoto ambiri otere ndi ang'ono aja okwera anthu asanu, amene amawacha saluni, ndipo ocuruka amacokera ku Japan atayendapo kale, nadzera ku Dar es Salaam ndi kulowa m'Zambia pa Nakonde. Mwini galimoto amaitsuka ndi kuipukuta kufikira iwale. Koma cimene cimasunga moyo wace sicioneka kunja iai. Ciri m'kati mwa injini, ndico malita atatu kapena anai a oilo. Oilo akalakwika, injini imene ikadayenda zaka khumi ingathe kufa m'miyezi yowerengeka, ndipo mtengo wa kuikonza ungapose malipiro a miyezi ingapo.

Nchito ya oilo

M'kati mwa injini muli zitsulo zothamanga koposa. Galimoto ikamayenda pa mseu wa ku Kitwe kunka ku Ndola, citsulo cacikuru cimene amakanika amacicha kiranki cimazungulira nthawi 2,000 kapena 3,000 pa mineti imodzi. Zitsulozo zikadakhudzana zouma, zikadatentha ndi kugwirana posacedwa. Cifukwa cace pampu imakoka oilo m'sampu, ndiyo mbale ya pansi pa injini, nimkankhira m'timipata tating'ono, kotero kuti pakati pa citsulo ndi cinzace pamakhala kaoilo kopyapyala kupambana tsitsi la munthu. Oilo yemweyo amacotsanso kutentha, nanyamula mwaye ndi tizidutswa ta citsulo kunka nato ku fyuluta. Kuti acite nchito zimenezi, mwini galimoto ayenera kudziwa zinthu zitatu: kulemera kwa oilo, mtundu wace, ndi muyeso wace.

Kulemera kwace

Uci umayenda pang'onopang'ono, madzi amayenda msanga. Oilo nayenso alipo wolemera ndi wopepuka, ndipo ali yense amalemera akazizira, napepuka akatentha. Manambala olembedwa pa cigubu, monga 5W-30, 10W-40 ndi 20W-50, amanena za kulemera kumeneku. Amacokera ku bungwe la akatswiri a magalimoto la ku America lochedwa SAE, limene linayamba kupatsa oilo manambala m'caka ca 1911. Poyamba oilo anali ndi nambala imodzi yokha, monga 30 kapena 40, ndipo anthu a m'maiko ozizira anali kusintha oilo nyengo ikasintha. M'zaka za m'ma 1950 munabwera oilo wa manambala awiri, woyenera nyengo zonse.

Nambala yoyamba, imene iri ndi W, inena mayendedwe a oilo injini iri yozizira. W aimira mau a Cingerezi onena nyengo ya cisanu. Nambalayo ikacepa, ndiye kuti oilo adzafika msanga ku zitsulo poliza injini m'mawa. Nambala yaciwiri inena kulemera kwa oilo atatentha madigiri 100, ndiko kutentha kwa madzi owira.

Pali ganizo lofala lakuti dziko lotentha lifuna oilo wolemera nthawi zonse. Ganizoli lasoceretsa ambiri. Injini yabwino imadzisunga yokha pa kutentha kwa pafupi madigiri 90 ndi madzi a m'redieta, kaya ndi mwezi wa June kaya wa October. Ndiponso m'mawa mwa June ndi July ku Copperbelt kumazizira, kawiri kawiri pansi pa madigiri 10, nthawi yomwe anthu alawirira ku nchito. Zitsulo zimadyeka kwambiri pa kamphindi koyamba kaja oilo asanafike pamwamba pa injini, ndipo oilo wolemera ndiye amacedwa koposa.

Oilo wa 20W-50 anazolowereka masiku a magalimoto monga Morris Minor ndi Ford Cortina, amene zitsulo zace zinali ndi mipata yokulirapo. Mainjini a masiku ano ali ndi mipata yothina ndi timabowo tating'ono, ndipo ena, monga a Toyota olembedwa VVT-i, amasintha nthawi ya kutseguka kwa mavavu ndi mphamvu ya oilo yemweyo. Toyota Corolla ya injini yochedwa 1NZ-FE inapangidwira oilo wopepuka, monga 5W-30 kapena 0W-20. Injini yokalamba imene yayamba kudya oilo ingalandire wolemererapo pang'ono, ngati buku lace lilola. Koma oilo wolemera sakonza maring'i akutha, amangobisa nthenda.

Woweruza nkhani yonseyi ndi amene anapanga injini, ndipo mau ace ali m'buku la galimoto. Buku lingakhale la Cijapani, manambala ndi omwewo, ali yense angawawerenge. Nthawi zina amalembedwanso pa citsekero ca pothira oilo kapena pa kapepala komatidwa pansi pa boneti. Zonsezi zikasowa, mwini galimoto alembe dzina la injini yace, akafunse kwa ogulitsa magalimoto a mtundu umenewo. Akuru anati safunsa anadya phula.

Mtundu wace

Zigubu ziwiri zingakhale ndi manambala ofanana, koma oilo wace wosiyana ubwino, pakuti m'oilo amasakanizamo mankhwala otsuka injini ndi oletsa dzimbiri. Ubwino umenewu umadziwika ndi zilembo za bungwe lina la ku America lochedwa API. Zilembo zoyamba ndi S nza injini ya petulo, zoyamba ndi C nza injini ya dizilo. Cilembo caciwiri cikamanka patsogolo, ndiye kuti oilo ndi wa muyezo watsopano: SL inaturuka mu 2001, SM mu 2004, SN mu 2010, SP mu 2020, ndi SQ mu 2025. Buku likati SL, oilo wa SN kapena SP ayenera ndithu. Koma likati SN, wa SL sakwanira.

Alipo oilo woyengedwa cabe kucokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo alipo wina wopangidwa mwa luso la mankhwala, wolembedwa synthetic pa cigubu. Waciwiriyu ngokwera mtengo, koma amapirira kutentha nakhalitsa. Woopsa ndi oilo wa m'mabotolo opanda dzina wogulitsidwa m'mbali mwa mseu. Palibe angadziwe ngati ndi watsopano kapena wakale wongosefedwa. Wogula aone kuti citsekero ca cigubu sicinatsegulidwepo. Ndalama zimene apulumutsa pa botolo lochipa nzocepa poyerekeza ndi mtengo wa kiranki.

Muyeso wace

Pano ndipo palakwa ambiri, ngakhale amene agula oilo wabwino. Injini iri yonse iri ndi muyeso wace. Injini ya 1NZ-FE ija imalandira malita 3.7 posintha oilo pamodzi ndi fyuluta, ndi malita 3.4 ngati fyuluta sinasinthidwe. Kwa acikulire ozolowera mayesedwe akale, malita 3.7 ali pafupi ndi mapainti asanu ndi limodzi ndi theka, pakuti galoni ndi malita 4.5. Tsono zigubu zambiri zimagulitsidwa za malita 4 kapena 5. Munthu akathira cigubu conse ca malita 5 m'injini imeneyo, poopa kutaya cimene wagula, wapyola muyeso ndi malita 1.3.

Oilo akacuruka motero, kiranki imamfikira m'sampu, nimpukusa kufikira asanduka thobvu. Pampu ikatumiza thobvu ku zitsulo, zimakhala ngati zalandira mpweya cabe. Oilo wopyola muyeso amakankhanso malabala otseka m'mphepete mwa injini nayamba kudontha, ndipo wina amalowa mopsera petulo, naononga mapulagi ndi kuturutsa utsi wobiriwira. Akacepa, pampu imakoka mpweya pokhota kapena pokwera citunda, mabering'i amauma, ndipo mapeto ace ndi mau aja oopsa akuti injini yanoka.

Mboni yoona ndi kandodo koyesera oilo, kamene amakanika amakacha dipisitiki. Galimoto iime pa malo osapendekeka, injini izimidwe, ndipo papite mamineti asanu kuti oilo atsikire m'sampu. Pamenepo mwini galimoto asolole kandodoko, akapukute ndi nsanza yoyera, akabweze kufikira pansi, nakasololenso. Oilo ayenera kulekeza pakati pa zizindikiro ziwiri, makamaka pafupi ndi ca pamwamba, koma osacipitirira. Kucokera pa cizindikiro ca pansi kufikira ca pamwamba pamalowa lita imodzi kapena imodzi ndi theka. Motero poonjeza athire pang'ono, ayembekeze, ayesenso. Akasintha oilo yense, alize injini mineti imodzi kuti fyuluta idzale, aizime, nayesenso.

Kandodoko kamanenanso zina. Oilo wakuda si cizindikiro ca tsoka, pakuti kuda kwaceko kutanthauza kuti akutsuka injini. Koma oilo wooneka ngati tiyi wa mkaka asonyeza kuti madzi alowa m'injini, ndipo galimoto ifunika makanika tsiku lomwelo. Nyali yofiira ya cithunzi ca kaketulo ikayaka pa ulendo, sinena kuti oilo wacepa pang'ono iai. Inena kuti mphamvu ya oilo yagwa. Woyendetsa apatuke msanga ndi kuzima injini, ngakhale kunyumba kuli pafupi.

Nthawi yosintha

Mabuku ambiri amapereka nthawi ziwiri, ina yaitali, ina yaifupi. Yaifupiyo ndi ya galimoto yoyenda m'pfumbi, kapena yoyenda timaulendo tatifupi injini isanatenthe bwino, ndipo kawiri kawiri imakhala pafupi ndi makilomita 5,000 kapena miyezi 6. Galimoto yocoka ku komboni kunka ku mgodi ndi kubwerera, m'miseu ya pfumbi la August ndi September, iyenera kutsata nthawi yaifupiyo. Fyuluta isinthidwe pamodzi ndi oilo, pakuti fyuluta yakale imasunga litsiro la kale. Oilo wakutha asathiridwe m'ngalande kapena pansi, cifukwa mvula imamtengera ku zitsime ndi ku mitsinje monga Kafue, kumene anthu amatunga madzi akumwa. Atsekeredwe m'cigubu ndi kuperekedwa ku garaja.

Mwini galimoto wanzeru amalemba m'kabuku nambala ya oilo wace, zilembo zace, malita ace, ndi makilomita a tsiku limene anasintha. Akapita ku garaja amaimirira pafupi, naona cigubu cimene citsegulidwa ndi malita amene athiridwa. Ndipo kamodzi pa sabata, asanatenge cidebe ndi nsanza kuti atsuke galimoto yace, amayamba watsegula boneti ndi kusolola kandodo kaja.