Mfuti yopepuka siyabwino nthawi zonse posaka mbalame

Alimi ambiri amene ali ndi chiphaso cha mfuti ya chifefe amadandaula kuti ya 12 geji imatopetsa mkono akamayenda nayo m'dambo kusaka nkhanga ndi nkhwali. Ena amaganiza zogula ya 20 kapena 28 geji poti njopepuka. Asanatulutse ndalama, ayenera kudziwa izi.

Nambala ya geji idachokera ku mtovu. Mukatenga paundi imodzi ya mtovu n'kuumba timipira 12 tofanana, kampira kamodzi kamakwana ndendende mu mpope wa mfuti ya 12 geji. Choncho nambala ikamakwera, mpope umachepa. Wa 12 geji ndi mamilimita 18.5, wa 20 geji ndi 15.6, pomwe wa 28 geji ndi pafupifupi 14. Ya .410 yokha ndiyo sayiwerengera motere, nambala yakeyo ndi kukula kwa mpope mu mainchesi.

Vuto lagona pa phewa. Mfuti ikalira, mphamvu imene ikukankha mtovu kutsogolo imakankhanso mfutiyo kumbuyo. Yolemera imabwerera pang'onopang'ono, koma yopepuka imamenya ngati bulu. W.W. Greener, wopanga mfuti wa ku Birmingham ku England, ankalangiza kuti mfuti izilemera kuwirikiza ka 96 kulemera kwa mtovu wa m'chipolopolo chake. Tiyeni tiwerengere. Chipolopolo cha magalamu 32 cha 12 geji chimafuna mfuti ya makilogalamu atatu ndi pang'ono. Cha magalamu 24 cha 20 geji chimafuna makilogalamu 2.3, ndipo cha magalamu 21 cha 28 geji chimafuna awiri.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Munthu amagula 20 geji ya makilogalamu 2.3, kenaka poona kuti nkhanga sifa msanga, amaikamo chipolopolo cha magalamu 28. Mtovu wochuluka chotere umafuna mfuti ya makilogalamu 2.7. Phewa likamva kuwawa kangapo, munthu amayamba kutsinzina ndi kudzidzimuka asanawombe, ndipo nkhanga imapita.

Chinanso n'chakuti mfuti yopepuka kwambiri sitsata bwino mbalame youluka. Imanyamuka msanga, inde, koma imaimanso msanga, ndiye mtovu umadutsa kumbuyo kwa njiwa. Kwa ine 20 geji ya makilogalamu 2.7 ndiyo yoyenera mlimi wosaka nkhwali, njiwa ndi zinziri. Ya .410 ndimaikayikira ngakhale ena amati njabwino pophunzirira. Mtovu wake ngwochepa, nthawi zambiri magalamu 14 mpaka 19, kotero wophunzira amangovulaza mbalame osaigwetsa.

Musanagule, chotsani zipolopolo ndipo muike mfutiyo pa sikelo yogulitsira mtedza, kenaka muwerenge magalamu amene alembedwa pa bokosi la zipolopolo. Kumbukiraninso kuti chiphaso cha mfuti chochokera ku polisi sichikulolani kusaka. Chilolezo chosakira mbalame ndi china, ndipo chimachokera ku nthambi yoona za nyama zakutchire.