Kuchedwa kwa uthenga poyendetsa ma drone ndi maloboti

Kuchedwa kwa uthenga, komwe pa Chingerezi amati latency, ndi nthawi imene imadutsa kuchokera pamene woyendetsa watumiza lamulo kufikira pamene makinawo alilandira. Nthawiyi imayezedwa m'mamilisekondi, ndipo sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000. Kuchedwaku n'kosiyana ndi kuchuluka kwa data imene netiweki imanyamula. Intaneti ikhoza kutsitsa kanema wamkulu mosavuta, koma n'kumachedwetsa kalamulo kouza drone kuti ikhote.

Kuopsa kwake

Drone youluka mamita 20 pa sekondi imasuntha mamita 6 m'mamilisekondi 300 okha. Chithunzi chikachedwa motero, woyendetsa amaona malo amene drone yadutsa kale, ndipo akamati aikhotetse amapeza yagunda kale mtengo. N'chimodzimodzi ndi maloboti a m'chipatala. Mu Seputembala 2001, dokotala Jacques Marescaux ali ku New York anachotsa ndulu ya wodwala yemwe anali ku Strasbourg pogwiritsa ntchito loboti. Opaleshoniyo inatheka chifukwa uthenga unkachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 155 okha.

Ku Malawi

Mu Juni 2017 boma la Malawi ndi bungwe la UNICEF anatsegula dera loyeserako ma drone ku Kasungu, lomwe limafika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege la m'bomalo. Mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Ma drone onyamula mankhwala ndi magazi okayezedwa amauluka kutali kumene woyendetsa sangawaone, choncho amadalira netiweki ya mafoni kapena setilaiti.

Malo ngati nkhalango ya Chikangawa, pamapiri a Viphya m'boma la Mzimba, ndi ovuta pa ntchito yotere. Nkhalangoyi, ya mahekitala pafupifupi 53,000, ili ndi zitunda ndi zigwa zambiri. Mafunde a wailesi a 2.4 ndi 5.8 GHz, amene ma drone ambiri amagwiritsa ntchito, sapyola phiri, ndipo amafooka akadutsa m'mitengo ya paini yothithikana, makamaka ikanyowa. Drone yotumidwa kukaona moto wolusa kuseri kwa chitunda ikhoza kuyamba kulandira malamulo mochedwa, kapena osawalandira n'komwe.

Zimene zimachititsa

Choyamba ndi mtunda. M'mawaya a fibre uthenga umayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, koma setilaiti zokhala pamalo amodzi mumlengalenga zili makilomita 35,786 kuchokera padziko, moti uthenga umatha theka la sekondi kapena kuposerapo kuti upite ndi kubwerera. Setilaiti za Starlink, zomwe zinayamba kugwira ntchito ku Malawi mu 2023, zili pa makilomita pafupifupi 550, choncho zimachedwetsa pang'ono.

Chachiwiri ndi kuchulukana kwa anthu pa nsanja imodzi ya mafoni, komwe kumachititsa kuti uthenga uzidikira pamzere. Chachitatu ndi kusochera kwa tizidutswa ta uthenga: njira ya TCP imatumizanso kachidutswa kosochera, ndipo totsatira tonse timadikira. Chachinayi chili m'makina momwemo, pamene kamera ndi kompyuta zikuchedwa kukonza kanema.

Kufufuza ndi kukonza vutoli

Akatswiri amayeza chigawo chimodzi chimodzi. Pulogalamu ya ping imasonyeza nthawi imene uthenga watenga kupita ndi kubwerera, pomwe traceroute imasonyeza pamene ukuchedwera panjira. Amayeza nthawi zosiyanasiyana pa tsiku. Ngati kuchedwa kukukula madzulo okha, kawirikawiri vuto limakhala kuchulukana kwa anthu. Akazimitsa kanema malamulo n'kuyamba kufika msanga, ndiye kuti kanemayo ndi amene amadzaza njira. Akalumikiza ndi waya vutolo n'kukhalapobe, ndiye kuti silili pa mafunde a wailesi.

Amaonanso ngati kuchedwako kukusinthasintha. Woyendetsa akhoza kuzolowera kuchedwa kwa mamilisekondi 100 kosasintha, koma kukamadumpha pakati pa 30 ndi 400, kuwongolera kumavuta kwambiri.

Pokonza, amaika mlongoti pamalo okwera pomwe palibe chotchinga, amachepetsa kukula kwa kanema, amakonza kuti malamulo azitsogola data ina, ndipo amagwiritsa ntchito UDP, yomwe siidikira kachidutswa kosochera. Koma kuchedwa sikungatheretu. N'chifukwa chake ntchito zofunika changu, monga kusunga drone kuti isapendekeke, zimachitidwa ndi kompyuta ya m'kati mwake, ndipo ma drone ambiri amabwerera okha pomwe ananyamukira uthenga ukaduka. Maloboti a NASA a ku Mars nawonso amadziyendetsa okha mbali yaikulu, popeza uthenga wochokera padziko lapansi umatenga mphindi 3 mpaka 22 kuti uwafike.