Uthenga wa zaumoyo ukafika pa foni, upeteni ngati a ku laibulale

Kuchokera ku Mbayani kukafika ku laibulale ya National Library Service m'tauni ya Blantyre ndi mtunda woti munthu amayenda wapansi. Koma mwana akatentha thupi pakati pa usiku, palibe kholo lomwe limaganiza za laibulale. Dzanja limathamangira foni. Mumafunsa pagulu la WhatsApp la kumpingo, la banki m'khonde kapena la makolo a kusukulu, ndipo mphindi zisanathe malangizo akhuthuka. Wina akuti mum'mwetse mandimu ndi adyo, wina watumiza chithunzi cha mapiritsi, winanso mawu ojambulidwa a "dokotala wina wa kunja" amene dzina lake palibe akulidziwa.

Anthu oyang'anira malaibulale anayamba kale kulimbana ndi zimenezi. Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, nthawi imene vuto linali kusowa kwa mabuku. Lero zowerenga zachuluka, chasowa ndi lichero lopetera. Woyang'anira laibulale wamasiku ano amathera nthawi yambiri akuthandiza anthu kufufuza pa kompyuta ndi kusiyanitsa nkhani yoona ndi mphekesera. Luso limeneli ndi lomwe inu makolo, mavolontiya ndi alangizi a zaumoyo mukufunika kubwerekako.

Mphekesera m'dziko muno inaphapo anthu. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inayambira cha ku Mulanje n'kufika mu Blantyre muno, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. M'mwezi wa May 2021 boma linatentha katemera wa COVID-19 wokwana 19,610 yemwe masiku ake anatha asanagwiritsidwe ntchito, pa nthawi imene mafoni anadzaza ndi nkhani yoti katemerayo amatseka uchembere. Kolera yemwe anabuka mu March 2022 anatenga miyoyo yoposa 1,700, ndipo ena mwa odwala ankafika kuchipatala madzi atatha kale m'thupi chifukwa choopa zomwe anamva.

Buku likafika ku laibulale, asanaliike pa shelefu amayamba aona amene analilemba ndi amene analisindikiza. Uthenga wa pa foni nawonso ufunseni mwini wake. Ngati ukuti wachokera ku Unduna wa Zaumoyo, mudzaupezanso pa tsamba la undunawo la Facebook, pa wailesi kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. WhatsApp imaika timivi tiwiri pamwamba pa uthenga womwe wadutsa m'manja ambiri. Timiviti sitikusonyeza kuti nkhaniyo ndi yabodza ayi, koma tikukuuzani kuti mlamu wanu amene wakutumiziraniyo sakudziwa komwe inayambira.

Chomwe ambiri amachiiwala ndi tsiku. Ku laibulale ya zachipatala buku lakale amalichotsa ngakhale likuoneka latsopano, chifukwa mankhwala amasintha. Taonani malungo. Makolo athu anakulira chloroquine. Mu 1993 Malawi inali dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba SP, yemwe ambiri amamutcha Fansidar, chifukwa tizirombo tinali titamuzolowera. Mu 2007 tinasiyanso SP ngati mankhwala ochizira malungo n'kuyamba LA. SP alipobe ku sikelo ya amayi oyembekezera, koma ntchito yake ndi kuteteza, osati kuchiza mwana wodwala. Choncho malangizo omwe anali olondola mu 2000 angapweteke mwana lero. Foni ilibe munthu wochotsa zakale pa shelefu. Kanema wa zaka khumi zapitazo amafika m'mawa ngati wajambulidwa dzulo.

Mbali ina ya kusinthaku ndi yokoma. Kale wophunzira za udokotala ankadikira miyezi kuti magazini a kafukufuku afike pa positi. Mu 2002 bungwe la World Health Organization linayambitsa Hinari, njira yolola malaibulale a m'maiko osauka kuwerenga magaziniwa pa intaneti mwaulere kapena pa mtengo wotsika, ndipo mu 2003 malaibulale a kuno anapanga mgwirizano wawo wa MALICO kuti azigulira limodzi zowerenga za pa kompyuta. Wophunzira wa ku Kamuzu University of Health Sciences, pafupi ndi chipatala cha Queens, angathe kuwerenga kafukufuku sabata yomwe watuluka. Malawi Medical Journal nayo ili pa intaneti, aliyense angaitsegule osalipira.

Vuto ndi loti nzeruzi zimathera m'Chingerezi cha madokotala. Chitsanzo chili pakhomo pompano. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analowa m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi. Zotsatira zinatuluka mu 2021 m'magazini ya New England Journal of Medicine, ndipo zinaonetsa kuti katemerayo anachepetsa matendawa ndi pafupifupi 80 peresenti. Mu May 2023 boma linayamba kumupereka m'dziko lonse. Mayi wa ku Mbayani akanena kuti "akufuna atiyesere pa ana athu", yankho lilipo: anayesedwa kale kwa anansi athu a ku Ndirande, ana anatsatiridwa kwa zaka, ndipo zotsatira zinalembedwa poyera. Koma yankho limeneli silingayende lokha kuchoka m'magazini ya ku America kukafika pa mzere wa sikelo. Amene angalinyamule ndi inu mavolontiya.

Ine ndimaona kuti malaibulale ndi maofesi a zaumoyo akuyenda motalikirana kwambiri. Timapepala ta Chichewa ta kolera, katemera ndi kadyedwe ka ana timasindikizidwa pa nthawi ya kampeni, kampeni ikatha timasowa ngati mame. Tikanakhala ndi pakona pake m'laibulale iliyonse, tili ndi madeti ake, volontiya akanadziwa kokatenga zoona popanda kuwotcha bandulo yogula ndi ndalama ya ndiwo.

Chatsopano chomwe chavuta a malaibulale padziko lonse ndi makina oyankha mafunso ngati munthu. ChatGPT inatuluka mu November 2022, ndipo mu April 2024 Malawi inali pa gulu la maiko omwe analandira Meta AI mu WhatsApp momwemo. Makinawa anawerenga zolemba zambirimbiri, ndipo amayankha polumikiza mawu omwe kawirikawiri amayendera limodzi. Nthawi zambiri amalondola. Koma akaphonya sachita chibwibwi, amayankhabe molimba mtima, mpaka kutchula buku lomwe kulibe. Zolemba za m'Chichewa zomwe anaphunzirapo ndi zochepa, choncho mukawafunsa m'chilankhulo chathu mpata wolakwitsa umakula. Angakuthandizeni kumvetsa mawu ovuta omwe mwawaona m'buku la kuchipatala. Mlingo wa mankhwala a mwana musawafunse. Mlingowo umatengera kulemera kwa mwanayo, ndipo makinawo sanamukweze pa sikelo, sanamve kapumidwe kake, sanamuyeze magazi.

Ngati mukufuna kufunsa pa foni, funsani munthu. Chipatala Cha Pa Foni chinayambira ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo pano chimafikira dziko lonse. Mukaimba simulipira, ndipo amakuyankhani ndi a zaumoyo ophunzitsidwa, m'Chichewa. Inu mavolontiya, musanatumize uthenga uliwonse ku gulu la amayi anu, yambani mwauonetsa mlangizi wa zaumoyo kapena namwino. Anthu amakhulupirira zochokera kwa inu kuposa zochokera kwa mnansi, ndiye bodza likadzera mwa inu limathamanga kwambiri.

Pali zina zofunika kuziloweza pamtima chifukwa netiweki imathawa ndipo magetsi amazima. Mwana akatsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa, muzim'mwetsa pang'onopang'ono, osasiya kumuyamwitsa. Thanzi akasowa, m'lita yomweyo thirani masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere, osasefukira, uku mukukonzeka ulendo wa kuchipatala. Mwana akamakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akamapuma mobanika kapena akafooka mpaka osadzuka bwino, foni ikeni m'thumba. Mubereke mwanayo mupite naye ku chipatala cha Mbayani kapena ku Queens nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku.