Zidole Zadothi ndi Khola la Khirisimasi: Luso Lili Kale M'manja mwa Ana Athu

Chaka ndi chaka nyengo ya Adiventi ikamayandikira, m'misonkhano ya makomiti a matchalitchi athu kuno kwa Zulu m'boma la Mchinji mumabuka funso limodzi lomwelo: kodi khola la Khirisimasi tiikamo chiyani? Ku likulu la parishi kawirikawiri kumakhala zifaniziro zimene zinachokera kunja kalekale, ngakhale zina zinathyoka makutu ndipo mbusa wina anatsala ndi mkono umodzi. Koma m'matchalitchi ambiri a nthambi mulibe ngakhale chimodzi. Akhristu amamanga kachisakasa ka udzu, kuikamo chithunzi chodula pa kalendala yakale, basi. Ena amangosiya, amvekere ndalama palibe, poti mwezi wa Disembala ndalama iliyonse yapita ku feteleza.

Chodabwitsa n'chakuti panjira yopita ku msonkhano womwewo timadutsa ana atakhala pa dambo akuumba ng'ombe zadothi, zanyanga zake ndi malinunda omwe. Atsikana abereka chitsononkho kumbuyo atachiveka kansanza, ndipo kuseri kwa nkhokwe amanga kanyumba ka masanje kokhala ndi mafuwa, timiphika ndi kamphasa. Zonse zimene khola la Khirisimasi limafuna ana athu amazipanga kale posewera. Chimene chikusowa ndi munthu wamkulu woti awauze kuti luso limeneli likhoza kulowa m'tchalitchi.

Kumene mwambowu unachokera

Mwambo wa khola umagwirizanitsidwa ndi dzina la Fransisko Woyera wa ku Assisi. M'chaka cha 1223, kutatsala masiku 15 kuti Khirisimasi ifike, iye anapempha bambo wina wa m'mudzi wa Greccio ku Italy, dzina lake Yohane, kuti akonze phanga, aikemo chodyeramo ziweto ndi udzu, ndiponso abweretse ng'ombe ndi bulu zamoyo. Thomas wa ku Celano, amene analemba mbiri ya woyerayu, akufotokoza kuti anthu anabwera usiku ndi miyuni, wansembe anapereka Nsembe ya Misa pamwamba pa chodyeramocho, ndipo Fransisko, amene anali dikoni, anaimba Mthenga Wabwino. Tizindikire kuti usiku umenewo panalibe chifaniziro chogula ngakhale chimodzi. Fransisko anagwiritsa ntchito zimene alimi a pamalopo anali nazo m'makola mwao, chifukwa ankafuna kuti anthu aone ndi maso umphawi umene Mwana wa Mulungu anabadwiramo.

Zifaniziro zing'onozing'ono zinafala pambuyo pake. Nkhani imene ikutikhudza kwambiri ife ndi ya ku Provence, kumwera kwa dziko la France. M'zaka za m'ma 1790, pa nthawi ya chipolowe chachikulu cha ndale, matchalitchi anatsekedwa ndipo makola a poyera analetsedwa. Mabanja anayamba kusunga timakola m'nyumba zao, ndipo mmisiri wina wa ku Marseille, Jean-Louis Lagnel, anatchuka poumba tianthu tadothi totsika mtengo. Pambali pa Banja Loyera, amisiri a kumeneko ankaumbanso anthu a m'mudzi mwao momwe: wogaya tirigu, mayi wogulitsa nsomba, wonola mipeni, aliyense atanyamula mphatso ya ntchito yake. Mpaka lero amaumbabe motero.

Papa Yohane Paulo Wachiwiri ndiye anayambitsa mwambo woika khola lalikulu pa bwalo la Petulo Woyera ku Roma m'chaka cha 1982. Pa 1 Disembala 2019 Papa Fransisko anapita ku Greccio komwe kuja ndipo anasaina kalata yotchedwa Admirabile signum, m'mene analimbikitsa kuti khola limangidwe m'mabanja, m'masukulu, m'zipatala, m'ndende ndi m'malo antchito. M'kalatamo anayamikira ana ndi akulu amene amaonjezeramo tianthu tosatchulidwa m'Malembo, ndipo anati chofunika si kukongola kwa khola koma kuti lilankhule ndi moyo wa anthu.

Kodi si mafano?

Akatekisiti athu amakumana ndi funso limeneli, nthawi zina kuchokera kwa abale athu a mipingo ina, nthawi zina kuchokera kwa ana a m'kalasi momwe. Mpingo unaliyankha kale pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Nicaea m'chaka cha 787: chifaniziro sitichipembedza, ulemu umene timapereka umapitirira kukafika kwa mwini wake amene akufaniziridwayo. Dothi limakhala dothi, ndipo likasweka palibe tchimo limene lachitika. Pali mantha enanso amene sitimakonda kuwatchula poyera, akuti kachidole koumba ngati munthu kamafanana ndi za kwa asing'anga. Ife tikuona kuti mankhwala a mantha amenewa ndi kuumbira poyera, masana, pa bwalo la tchalitchi, makolo akuona. Chinthu chimene mwana wako waumba iwe ukupenya sungachiope.

Funso lina limabwera pamene Amayi Maria avekedwa chitenje ndi duku, Yosefe Woyera n'kuoneka ngati mmisiri wa matabwa wa pa Kamwendo. Ena amaona ngati n'kupeputsa zoyera. Koma zifaniziro zimene tinazolowera zija nazonso sizisonyeza Ayuda a ku Betelehemu. Zimasonyeza nkhope za anthu a kumene zinaumbidwa. Abambo Oyera anafika ku Kachebere m'chaka cha 1903, ndipo iwo ndi amishoni owatsatira anabwera ndi zimene anali nazo kwao, sitingawadzudzule. Patapita zaka, wansembe wa chipani chomwecho, Bambo Claude Boucher, anayambitsa malo a zaluso a Kungoni ku Mua m'chaka cha 1976, kumene amisiri a Chimalawi anayamba kusema nkhani za m'Malembo ndi nkhope zathu, zovala zathu ndi ziwiya zathu. Njira inatsegulidwa kale m'dziko muno.

Kuumba tianthu

Ntchito imeneyi imayamba kale Adiventi isanafike, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Disembala ndi mwezi wa mvula, dothi siliuma msanga, udzu wofolera unatha, ndipo anthu ali kalikiliki ndi kupalira. Makoko a chimanga, ndevu zake, zitsononkho ndi mapesi ziyenera kusungidwa pa nthawi yokolola. Udzu umwetedwe m'chilimwe. Kuumba kwenikweni kuchitike mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, dzuwa likadali loswa mtengo.

Dothi labwino ndi la mtapo, limene amayi oumba mbiya amagwiritsa ntchito, ndipo aphunzitsi enieni a ntchitoyi ndi amayi amenewa. M'mphakati uliwonse simulephera kupezeka agogo odziwa kumene dothi lotere limakumbidwa; apemphedwe mwaulemu kuti adzatsogolere ana. Makande a pa dambo amaumbika bwino koma amang'aluka pouma, choncho asakanizidwe ndi mchenga wosefa pang'ono kapena mapale osinja. Dothi lichotsedwe timiyala ndi mizu, likandidwe mpaka lifewe ngati nsima yosalala, kuti musatsale mpweya m'kati.

Tiyambe ndi kugwirizana za msinkhu, chifukwa ana akangosiyidwa aliyense payekha, nkhosa imatuluka yaikulu kuposa ng'ombe. Njira yapafupi ndi kudula kamtengo kotalika ngati chikhatho cha munthu wamkulu, pafupifupi masentimita 15, n'kunena kuti uwu ndiwo msinkhu wa Yosefe Woyera. Zina zonse ziyezedwe ndi kamtengo kameneka: Amayi Maria ogwada afike pa phewa lake kapena kutsikirapo, ng'ombe ifike m'chiuno, nkhosa m'mabondo.

Munthu woimirira ndi miyendo iwiri yadothi sachedwa kuthyoka. Ndi bwino kuumba thupi ngati kabelu, lotambalala pansi ngati wavala mkanjo, kenaka kuboola kunsi kwake ndi chala kuti m'kati mukhale mphako. Chidole chokhuthala kwambiri chimauma kunja kokha, ndipo chimaphulika pa moto. Mutu uumbidwe padera n'kulumikizidwa dothi likadali lonyowa, polumikizirapo pakandidwe ndi kamtengo ndi kunyowetsedwa pang'ono. Mikono ikhale yogundana ndi thupi. Ena amaika waya m'kati poganiza kuti alimbitsa, koma dothi limafota pouma pamene waya safota, mapeto ake ndi ming'alu. Ng'ombe ndi bulu ziumbidwe zogona pansi, miyendo itapindidwa. Kuwonjezera pa kulimba, zimaoneka zabata monga ziweto zimakhalira usiku m'khola.

Zoumbazo ziume pa mthunzi, pa khonde kapena m'chigafa cha fodya, kwa sabata imodzi kapena ziwiri, osati pa dzuwa. Zikayamba kulimba zikulungizidwe ndi mwala wosalala kapena kumbuyo kwa supuni. Kuwotcha ndi ntchito ya akuluakulu: poyamba ziwambidwe pafupi ndi moto kuti chinyezi chotsala chichoke, kenaka zikwiriridwe ndi makungwa, zitsononkho ndi ndowe zouma, ndipo zisachotsedwe mpaka phulusa litazizira. Zina zidzasweka ndithu, n'chifukwa chake ana aumbe nkhosa zambiri kuposa zimene zikufunika.

Utoto wa m'sitolo si wofunikira. Katondo amapereka kufiira, makala osinja amapereka kuda, laimu amapereka kuyera. Zovala zichokere ku tizidutswa ta nsalu timene atelala amataya. Mngelo amakongola akapangidwa ndi makoko a chimanga onyowetsa, omangidwa ndi khonje pakhosi ndi m'chiuno, ndevu za chimanga n'kukhala tsitsi. Nkhosa zimatidwe thonje. Pomata, ambiri amaphika phala la ufa wa chinangwa, ndipo limagwira bwino, kungoti mphemvu ndi makoswe zimalikonda. Amene angathe agule kabotolo ka guluu wa akalipentala.

Khola lenilenilo

Apa anyamata amene amapanga galimoto zamawaya ndi abambo odziwa kumanga nkhokwe ndiwo akatswiri. Khola limangidwe pa thabwa kapena pa chitseko chakale kuti lithe kunyamulidwa. Nsichi zikhale za timitengo kapena nsungwi zong'amba, zomangidwa ndi luzi, kutsogolo kukhale kotseguka, denga lifoleredwe ndi udzu wosankha bwino, pansi paziridwe monga amayi amazirira nyumba. Khomo litalike pang'ono kuposa kamtengo ka Yosefe kaja. Kunja kwake kukhale mudzi monga timaudziwira: kankhokwe ka mapesi, mtondo ndi munsi wake, lichero la mlaza, mtsuko, mafuwa atatu, ngolo ya ng'ombe, mayi wosenza dengu la mtedza, mbusa wa Chingoni ndi chibonga chake. Pofuna msipu wobiriwira, tifese mawere kapena mpunga m'mapale masiku khumi Khirisimasi isanafike.

Komabe tichenjere ndi kukongoletsa mopyola muyeso. Khola lodzaza ndi mapepala onyezimira ndi mabaluni limabisa chimene Fransisko Woyera ankafuna kuonetsa. Diso la munthu wolowa m'tchalitchi lifike msanga pa chodyeramo ziweto, ndipo tianthu tonse tiyang'ane komweko. Khola lisatchinge guwa la nsembe kapena tabernakulo. Kandulo isayandikire udzu wouma. Tochi yaing'ono kapena nyale ya sola yobisidwa kuseri kwa denga imaunikira bwino popanda ngozi.

Kwa akatekisiti, phindu lalikulu lili pa nthawi youmba yomweyo. Mwana amene akuumba bulu amafunsa mafunso amene safunsa atakhala pa benchi. Ndi mpata womuuza kuti Luka Woyera, pa mutu 2, akutchula chodyeramo ziweto ndi abusa koma satchula ng'ombe kapena bulu. Ziwetozi Akhristu akale anazitenga kwa mneneri Yesaya, mutu 1 ndime 3, pamene akudandaula kuti ziweto zimadziwa mbuye wao koma anthu ake samudziwa. Mateyo Woyera ndiye akusimba za anzeru a kum'mawa, ndipo sanena kuti anali atatu kapena kuti anali mafumu. Chiwerengerocho chinachokera ku mphatso zitatu, golide, lubani ndi mure. Ana a Tilitonse akamva zotere amatsegula Baibulo okha kuti atsimikize.

Tianthu tisalowe m'khola tsiku limodzi. Sabata loyamba la Adiventi muikidwe ziweto zokha, kenaka abusa chapatali, kenaka Maria ndi Yosefe. Chodyeramo chikhale chopanda kanthu mpaka Misa kapena mapemphero a usiku wa pa 24 Disembala, pamene mwana mmodzi amanyamula kakhanda Yesu pa mdipiti. Anzeru a kum'mawa ayambire ku khomo la tchalitchi, azisendezedwa pang'onopang'ono mpaka adzafike pa chaka cha Epifaniya. Ku Roma, kuyambira m'chaka cha 1969 pa nthawi ya Papa Paulo Wachisanu ndi Chimodzi, ana amabwera ndi tizifaniziro ta kakhanda Yesu ta m'nyumba mwao kuti tidalitsidwe mu Adiventi, ndipo kwa zaka zambiri mwambowu unkachitika pa Lamulungu lachitatu. Palibe choletsa miphakati yathu kupempha Bambo Mfumu kuti achite chimodzimodzi akabwera ku nthambi, kuti mwana aliyense abwerere ndi kakhola ka kunyumba kwao.

Nyengo ya Khirisimasi imatha pa chaka cha Ubatizo wa Ambuye mu Januwale, ndipo khola lichotsedwe pamenepo. Chidole chilichonse chikulungidwe m'nsanza kapena m'makoko ouma, ziikidwe m'chidebe chotsekeka bwino, pamalo okwera pamene chiswe ndi chinyezi sizifika. Komiti ilembe m'kope chiwerengero cha zimene zasungidwa ndi zimene zasweka, ndipo isankhe banja limodzi loti lidzasunge makoko ndi zitsononkho chimanga chikadzakololedwa.