Moto Wobisala M'batire la Njinga

Usiku wa pa 20 June 2023, anthu ali m'tulo, moto unabuka m'sitolo ina yokonzeramo njinga zamagetsi mumsewu wa Madison ku New York, m'dziko la America. Pamwamba pa sitoloyo panali nyumba zogonamo anthu. Utsi unakwera msanga, ndipo anthu anayi anamwalira. Ozimitsa moto atafufuza anapeza kuti gwero la motowo linali batire la mtundu wa lithium-ion. Pofika kumapeto kwa chakacho, mabatire otere anali atayambitsa moto maulendo 268 mumzindawo, ndipo anthu 18 anali atataya miyoyo yawo.

Njinga yamagetsi ndi njinga yopalasa ngati zina zonse, koma ili ndi kainjini koyendera batire kamene kamathandiza mwendo pa chitunda ndi pa ulendo wautali. M'mizinda ikuluikulu ngati New York ndi London, ambiri mwa oziyendetsa ndi anthu operekera chakudya m'makomo, amene malipiro awo amadalira kuchuluka kwa maulendo. Kwa anthu amenewa njinga ndiyo khasu lawo. Usana wonse imakhala pamsewu, motero nthawi yotchajira batire imene imatsala ndi usiku, m'chipinda chogona kapena m'kanjira kotulukira panja. Apa ndiye pagona tsoka lonse.

Vutoli si la New York yokha. Ozimitsa moto a ku London anathamangira moto wa njinga zamagetsi maulendo 143 m'chaka cha 2023. Ku Nanjing, m'dziko la China, anthu 15 anamwalira pa 23 February 2024 pamene moto unayambira pansi pa nyumba yosanjikizana, pamalo oimikapo njinga zamagetsi, nukwera m'mwamba momwe anthu anali kugona.

Kodi batire lingayake bwanji lokha? Yankho lili m'kapangidwe kake. M'kati mwa bokosi la batire la njinga muli timabatire ting'onoting'ono makumi angapo, tofanana ndi mabatire a tochi, tolumikizidwa pamodzi. Kabatire kalikonse kali ndi mbali ziwiri zimene siziyenera kukhudzana, ndipo chozilekanitsa ndi kapepala ka pulasitiki kopyapyala kwambiri. Zonsezi zimakhala zonyowa ndi mankhwala amadzimadzi amene amagwira moto ngati mafuta. Kapepalako kakabooka chifukwa cha kugwa kwa njinga, kapena kakasungunuka ndi kutentha, mbali ziwirizo zimakhudzana ndipo kabatireko kamatentha koopsa. Kutenthako kumayatsa kanzake koyandikana nako, nakonso nikayatsa kena, mpaka bokosi lonse liphulika ndi malawi ndiponso utsi wapoizoni. Zimenezi zimatha kuchitika m'kamphindi, munthu asanapeze ndi nsapato zomwe.

Izi sizitanthauza kuti batire la lithium-ion ndi chinthu choipa. Kampani ya Sony inayamba kuligulitsa m'chaka cha 1991, ndipo mu 2019 akatswiri atatu, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphotho ya Nobel kaamba ka nzeru zimene zinalibala. Batire lopangidwa bwino lili ndi kachipangizo kolilondera, kamene kamadula magetsi likadzaza kapena likatentha mopitirira. Ngozi zambiri zimachokera ku mabatire otchipa opanda mlonda wodalirika, ku mabatire owonongeka kapena osegulidwa ndi amisiri osadziwa, ku njinga wamba zimene eni ake azimangirira injini ndi batire zogula padera, ndiponso ku tchaja yobwereka.

Nkhani ya tchaja ndi yofunika kuimvetsa. Batire lolembedwa mavoti 36 limadzaza pa mavoti 42, pamene lolembedwa mavoti 48 limafuna tchaja ya mavoti 54.6. Tsoka lake ndi lakuti kamwa la tchaja ziwirizi nthawi zina limafanana, choncho munthu angathe kulowetsa tchaja yamphamvu m'batire laling'ono osazindikira kuti akulidyetsa zoposa mimba yake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tchaja ikatayika kapena ikafa, chanzeru ndi kufunsa kwa opanga njingayo ndi kugula ina yofanana ndendende ndi yoyambayo.

Malangizo amene ozimitsa moto amapereka ndi osavuta, ngakhale kuti amafuna kudziletsa. Batire litchajidwe munthu ali maso ndipo ali pafupi, osati ali m'tulo kapena atachokapo. Likadzaza, tchaja izulidwe ku khoma. Malo otchajira akhale olimba, ouma ndi opita mphepo, kutali ndi matiresi, makatani, mbaula ndi dzuwa. Koposa zonse, njinga kapena batire lisaikidwe pakhomo kapena m'kanjira kotulukira, pakuti moto ukayambira pamenepo banja lonse limatsekeredwa m'kati. M'nyumba momwe mumatchajidwa batire muyeneranso kukhala kabelu kochenjeza za utsi.

Kusamala batire kumatalikitsanso moyo wake. Likangochoka pa ulendo limakhala lotentha, motero liyenera kuzizira kaye lisanalumikizidwe ku magetsi. Si bwino kuliyendetsa mpaka mphamvu itatheratu tsiku ndi tsiku. Ngati njinga ikhala miyezi osayenda, batire lisungidwe pamalo ozizira bwino lili ndi mphamvu pafupifupi theka. Lisamizidwe m'madzi, ndipo njinga ikagwa kapena ikagundidwa, batire lionedwe ndi wodziwa lisanatchajidwenso, chifukwa bala la m'kati silioneka ndi maso.

Ngakhale amati chakudza sichiyimba ng'oma, batire lodwala kawirikawiri limaonetsa zizindikiro. Limatupa, limatentha mosazolowereka, limatulutsa fungo lachilendo kapena madzi, limalira ngati likutuluka mpweya, kapena limachedwa kudzaza nilifulumira kutha. Batire lotero lisagwiritsidwenso ntchito. Liikidwe panja, kutali ndi zinthu zoyaka, ndipo lisatayidwe kudzala kapena m'bini ya zinyalala, koma libwezedwe kwa ogulitsa kapena kumalo olandira mabatire akutha. Likayamba kufuka utsi, mwini wake asayese kulimbana nalo. Atulutse anthu onse, atseke chitseko, ndipo aitane ozimitsa moto ali panja. Moto wa batire umavuta kuzima, ndipo umatha kuyambiranso ukaoneka ngati wazima.

Maboma nawo sanakhale chete. Kuyambira September 2023 mzinda wa New York unaletsa kugulitsa njinga zamagetsi ndi mabatire amene sanayesedwe ndi kuvomerezedwa, ndipo unalimbikitsa anthu kutchajira panja. M'chaka cha 2024 anthu omwalira ndi moto wa mabatire mumzindawo anatsika kufika pa 6. Ku London, kuyambira pa 31 March 2025, njinga zamagetsi zosapindika zinaletsedwa kukwera nazo sitima zapansi pa nthaka.

Wowerenga wa ku Mzuzu kapena ku Chipata angaganize kuti izi ndi za kutali, koma batire la m'foni yake ndi la m'kompyuta ya m'manja ndi la mtundu womwewo, kungoti la njinga ndi lalikulu kwambiri. Kumene magetsi amazimazima, anthu anazolowera kusiya zinthu pa soketi pogona kuti magetsi akabwera usiku zidzaze zokha. Chizolowezi chimenechi chisadzasamukire ku batire la njinga. Munthu wanzeru sagona atasiya mbaula yoyaka pakhomo la chipinda cha ana ake, ndipo batire limene lili pa tchaja liyenera ulemu womwewo.